Bulangete la magetsi pa nyumba ya lendi: ndemanga yanga, ndi chifukwa chake hita ndinaibwezera m'katoni

Kwa amene alibe nthawi yowerenga zambiri, yankho ndi ili: bulangete la magetsi ndi labwino, gulani, koma gulani latsopano ndipo musamayembekeze kuti litenthetsa nyumba. Limatenthetsa bedi basi. Nde ineyo maganizo anga ndi oti ngati muli pa lendi kuno ku Lilongwe, bedi ndi malo okhawo oyenera kuonongerapo mayuniti anu a magetsi nyengo yozizira, kwinako mukungothandiza kutenthetsa malata a eni ake.

Anzathu a ku Dedza ndi ku Mzuzu amatiseka tikamadandaula chisanu, akuti cha ku Lilongwe ndi chamasewera. Chabwino, kwawoko nkokweradi kuposa kuno, koma ifenso tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo mu June ndi July kumwamba kumakhala mbee kopanda mtambo, kutentha konse kwa masana kumathawa dzuwa likangolowa cha m'ma 5 koloko. M'bandakucha zimatsika mpaka madigiri 10, masiku ena kutsikirapo. Vuto lenileni si madigiriwo ayi, ndi nyumba zathu. Nyumba za lendi za ku Area 25, Kawale, Biwi, Area 36, Chinsapo, zambiri zinamangidwa poganizira kutentha kwa October: malata opanda siling'i, pansi simenti, mawindo a maluva oti galasi limodzi linasweka kalekale, mavent pamwamba pa windo lililonse, ndi chitseko choti pansi pake mutha kulowetsa dzanja. Kunja kukazizira, mkati mumazizira chimodzimodzi, kusiyana kwake nkoti mkati muli mipando.

Bulangete langa ndinagula pa shopu ina ya zamagetsi ku Old Town, dzina sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse, ndifika. Ndi lija loyala pansi, pamwamba pa matilesi kenako shiti pamwamba pake, osati lofunda. La bedi ya dabo, lili ndi maswichi awiri, wina mbali ya ine wina mbali ya madamu, ndipo swichi iliyonse ili ndi 1, 2, 3. Pa kapepala kosokerera m'mphepete analemba 60W mbali iliyonse, kutanthauza mawati 60, muyezo wa mphamvu ya magetsi yomwe limadya. Ukaligwira lili ngati nsalu yokhuthala yoyera ndipo mawaya ake umawamva ndi zala, timizere toyenda mokhotakhota mkatimo, koma ukayala shiti ndi kugonapo sukuwamvanso pokhapokha shitiyo ikhale yopyapyala kwambiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa nkhani yonse yagona apa. Yuniti imodzi ya pa mita ya ESCOM ija ndi 1,000W kuyaka ola limodzi. Hita ya fani yomwe ambiri timathamangira kugula June akangoyamba, kaja kakang'ono ka pulasitiki kofuula, kambiri kamakhala 2,000W. Ndiye kuti mayuniti awiri pa ola. Mukaiyatsa maola atatu madzulo aliwonse mukuonera TV, ndi mayuniti 6 pa tsiku, pa mwezi 180. Bulangete lija, mbali zonse ziwiri zitayaka pa 3 usiku onse maola 8, ndi 120W kuchulukitsa 8, sizikwana ngakhale yuniti imodzi, ndi 0.96. Pa mwezi osafika 30. Ndipo palibe amene angagone pa 3 usiku onse, mutha kudzuka muli thukuta kamukamu, ife timayatsa pa 3 tikamadya nsima, pokagona timatsitsa pa 1 kapena kuthimitsa kumene chifukwa mabulangete apamwamba amasunga kutenthako. Ndikunena za mayuniti osati makwacha dala, poti mtengo wa yuniti a MERA, bungwe loona za mitengo ya magetsi, amausintha, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja ukaulemba lero mawa ndiwe wabodza. Koma masamu a 2,000W ndi 120W sasintha.

Wina anena kuti nanga hita ya oyilo ija yooneka ngati nthiti, si amati imadya pang'ono? Ayi ndithu amangwetu. Hita iliyonse ya magetsi, kaya ya fani, kaya ya oyilo, kaya ija ya timachubu tofiira, yuniti imodzi imatulutsa kutentha kofanana. Ya oyilo imapulumutsa pokhapokha chipinda chikatentha nkudzithimitsa yokha, ndipo m'chipinda chopanda siling'i sichidzatentha mpaka kufika pamenepo, mpweya wotentha umakwera nkukatuluka pa mipata ya pakati pa khoma ndi malata. Kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Hita yanga ya fani inkanditenthetsa miyendo yokha, msana uli zii, ukangoithimitsa mphindi khumi chisanu chabwerera ngati palibe chinachitika. Panopa ili m'katoni pamwamba pa wadirobu.

Tsopano nkhani yomwe anthu okhala m'nyumba zawozawo sangaimvetse: mita imodzi, mabanja angapo. Pa ploti pathu pali nyumba yaikulu ya amayi eni ake ndi zathu za alendi kumbuyo, tonse mita imodzi, timasonkha mwezi ndi mwezi wina nkugula tokeni pa Airtel Money kapena Mpamba. Miyezi yotentha zimayenda bwinobwino. Kukangozizira mayuniti amatha pakati pa mwezi nde pamayamba kuyang'anana, aliyense kumvetsera pa khoma kuti mwina kwa aneba kukulira hita, ena amabisa hotipuleti pansi pa bedi, pa gulu la WhatsApp la pa ploti mauthenga ake amangokhala oti "ena ake tikuwadziwa". Amayi aja atamva kuti ndabweretsa bulangete la magetsi anabwera okha m'mawa ndisanapite ku ntchito.

"Bambo, ndamva kuti mwagula chogona nacho cha magetsi. Pano si pa hotela."

"Mayi, tabwerani tikaone limodzi pa mita, mukaona kuti chikudya ndikabweza lero lomwe."

Pa mita pali kanyali kofiira komwe kamaphethira, magetsi akamadyedwa kwambiri kamaphethira mothamanga. Tinapempha aliyense athimitse zake, firiji ya amayiwo tinazula. Madamu anayatsa bulangete mbali zonse pa 3, kanyali kaja phethi, nkukhala kaye, ife chiimire kudikira, kenako phethi. Ndinawauza madamu athimitse bulangete ayatse ketulo. Kanyali kanayamba phethiphethiphethi osapuma. Amayi anayang'ana kanyaliko, anandiyang'ana ine, nkuti "Ndiye kuti wakuba ndi ketulo?" Ndinati ketulo imadya ngati hita koma imayaka mphindi zochepa, kuwiritsa lita imodzi ndi theka ndi mayuniti 0.14 okha, oopsa ndi amene amayaka maola: hita, giza, ndi hotipuleti yophikira nyemba. Anachoka osanena kuti ndapambana, amayi aja sanganene zimenezo, koma nkhani ya bulangete inathera pompo. Ngati nanunso muli pa mita yogawana chitani zomwezi, kanyali kaja kamaweruza bwino kuposa kukangana. Ndipo ngati eni nyumba ali omva, kambiranani zoika kamita kakang'ono pa nyumba iliyonse, amagetsi amaika, aliyense azilipira zomwe wadya.

Za giza ndingodutsapo poti ambiri pa lendi tilibe. Amene muli nayo ku Area 47 kapena Area 18 uko, ya malita 150 kuti madzi atenthe kuchoka kozizira imadya pafupifupi mayuniti 7. Ngati m'nyumba muli anthu awiri, ketulo ndi ndowa zikukwanirani.

Zomwe ndalikondera bulangeteli. Choyamba kulowa m'bedi lotentha kale, abale, zija zomalowa m'mashiti ozizira nkumadzipinda maondo kufika pachibwano kudikira kuti thupi lako lomwe litenthetse bedi, zinatha. Pa 3 limatenga mwina theka la ola kuti limveke bwino, bola muyale bulangete wamba pamwamba, mukalisiya poyera silitentha. Chachiwiri maswichi awiri aja apulumutsa banja kkkk, madamu amazizidwa msanga pomwe ine ndimamva kutentha, kale timakanganirana kuti tifunde angati, pano aliyense ali ndi mbali yake. Silipanga phokoso, siliumitsa kukhosi ngati hita ya fani yomwe imakuuzira fumbi la July kumaso, ndipo tsiku losamuka mumangolikulunga nkuika m'chikwama. Kwa munthu wa lendi chimenechi nchachikulu, chilichonse chomwe mwagula chizitha kukwera nanu lole.

Zomwe sindinakonde nazo zilipo ndithu. Pulagi yake ndi ya ku South Africa, ija ya mano atatu obulungira, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano atatu a makona ngati a ku UK. Pa shopu paja sanandiuze, ndinazindikira ndili kunyumba, ndipo nditabwerera anafuna kundigulitsa adaputa yopepuka ija yomwe pulagi imangogwedera. Musalole zimenezo. Adaputa yogwedera imatentha, ndipo ichi ndi chinthu choti chiziyaka inu muli mtulo. Ndinagula mapulagi awiri abwino okhala ndi fyuzi, wamagetsi wa m'dera mwathu anadula zakalezo nkuika zathu, ntchito yosatenga nthawi. Inde awiri, chifukwa mbali iliyonse ili ndi chingwe chake, ndipo zingwezo ndi zazifupi, nde ngati chipinda chanu chili ndi soketi imodzi kuseri kwa chitseko ngati changa, mufunikanso ekisitenshoni. Onjezani zimenezi pa bajeti.

Komanso pa shopu paja za galanti anangoti "likavuta mubwere bwana", pa risiti sanalembepo kanthu. Ndinaumirira kuti aliyatse ndili pompo, mnyamata wake anachita ngati ndikumutayitsa nthawi koma anayatsa, ndinadikira mpaka mbali zonse ziwiri zitafunda ndi dzanja langa. Chitani chimodzimodzi, ndipo auzeni alembe pa risiti miyezi yomwe akulonjeza. Zina zing'onozing'ono: zingwe zomangira ku matilesi ndi zoonda, pa matilesi a siponji bulangete limatsetsereka nkukwinyika pakati, pamafunika kumaliwongola poyala bedi chifukwa likapindana pamalo amodzi pamatentha mopitirira. Mawaya safika m'mphepete kwenikweni, amasiya mpata ngati chikhatho, nde wogona kukhoma amadziwa. Ndipo kanyali ka pa swichi nkowala kwambiri usiku, ndinakamata ndi tepi.

Pa kaunjika. Ndikudziwa ena mukuganiza kale zopita ku Tsoka kukasaka lotchipa, ndipo nthawi zina amapezekadi m'mabelo. Majuzi, majekete, masokosi a ubweya, maduveti, makatani okhuthala, zonsezo kagulenikoni, inenso zanga nza komweko. Koma bulangete la magetsi ayi. Simukudziwa kuti lagwira ntchito zaka zingati, lapindidwa nkupanikizidwa m'belo mawaya mwina anathyokera mkati, ndipo lochokera ku America linapangidwira 120V pomwe athu ndi 230V, mukalilumikiza lipsa, mwina ndi matilesi omwe. Ngakhale latsopano, onani kapepala kake kuti palembedwa 220 mpaka 240V komanso kuti limadzithimitsa likatentha mopitirira. Mwana wakhanda kapena wokodza pabedi asagonepo. Agogo kapena munthu wa shuga amene miyendo yake siimva bwino kutentha, muwatenthetsere bedi kenako muzule asanagone. Likanyowa musayatse mpaka liume.

Nanga magetsi akathima? Apa nde bulangete langa limasanduka nsalu wamba. Amene munali mu town muno chaka cha 2022 mukukumbuka, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January dziko linataya pafupifupi 130MW, chisanu cha chaka chimenecho tinachimva tili mumdima. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, nde munthu umafunika kukhala ndi pothawira. Pothawira panga ndi botolo la labala la madzi otentha lija amagulitsa m'mafamase, la malita awiri. Madzi atenthe koma asakhale owira kumene, thirani magawo awiri mwa atatu, finyani mpweya utuluke, tsekani, likulungeni m'kathaulo nkuliponya kumapazi. Limafika m'bandakucha likadali lofunda. Osaliphatikiza ndi bulangete la magetsi loyaka, madzi ndi mawaya sizigonera limodzi. Kunena zoona amene ndalama ya bulangete sinakwane, botololi ndi masokosi ndi chipewa zikuchotserani theka la mavuto pa mtengo wochepa zedi.

Chomwe sindingakulangizeni ngakhale kuzizire bwanji ndi kulowetsa mbaula kuchipinda. Tonse tinakulira pa mbaula, kuotha madzulo pakhonde tikuotcha mbatata palibe vuto. Koma makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenako tulo, ndipo munthu ali mtulo sadziwa kuti akufa. Ena amati bola makala ayake kaye afiire utsi uthe, si zoona, makala ofiira opanda utsi omwewo ndi amene amapha. Nyengo ngati ino timamva ndithu za anthu opezeka atafa m'nyumba mbaula ili pambali. Ndipo zikuopsa kwambiri kwa munthu amene wamvera malangizo otseka mipata yonse ya nyumba. Hita ya gasi nayonso imafuna windo lotsekula pang'ono, si yogona nayo.

Pa zotseka mipatazo, izi nzomwe ndinachita popanda kukhomera msomali ngakhale umodzi pa nyumba ya eni. Pansi pa chitseko ndimaika thaulo lakale lokulunga. Pomwe panasweka galasi la luva ndinadula katoni nkulowetsa m'timapanga take momwemo, likuoneka moipa koma mphepo inasiya kuimba mluzu. Makatani okhuthala ofika pansi, kuchipinda kokha. Pansi mphasa ndi kakapeti pambali pa bedi kuti phazi lisatere pa simenti m'mawa. Bedi ndinalisuntha kuchoka ku khoma lakunja. Mavent ndinatseka a mbali yomwe kumachokera mphepo okha, enawo ndinasiya, mukatseka onse mpweya wa m'kamwa ndi nthunzi za kubafa zimanyowetsa makoma, nkhungu yakuda nkuyamba m'makona, mapeto ake eni nyumba adzakudulani ya penti potuluka. Ndipo masana tsekulani makatani, dzuwa la June ndi laulere. Miyezi imeneyi limadutsa chakumpoto, nde windo loyang'ana kumpoto ndi limene limalowetsa dzuwa tsiku lonse, mukatseka cha m'ma 4 koloko chipinda chimasungako kutenthako. Amene mukusaka nyumba panopa, ejenti akamakuonetsani matailosi inu muziyang'ana kumwamba ngati kuli siling'i ndi komwe kwaloza mawindo a kuchipinda, musanapereke lendi ya miyezi itatu ija.

Siling'iyo ndi imene ingasinthe zinthu kwenikweni, koma ndi ya eni nyumba, simungaizule posamuka. Mnzanga wina wa ku ntchito anagwirizana ndi alandilodi ake kuti aike siling'i kuchipinda chimodzi ndi ndalama zake nkumadula pa lendi pang'onopang'ono. Zinatheka chifukwa analemberana pa pepala nkusainirana, ndi malisiti a matabwa ndi mabodi omwe. Zapakamwa musayerekeze, nyumba ikakongola lendi imakwera ndipo mudzauzidwa kuti munaika mwa kufuna kwanu. Ine amayi aja ndinawayesa, anati "tiona chaka chamawa", nde ndinamva.

Pa mamakisi, bulangete lenilenilo ndikulipatsa 8 pa 10, ziwirizo zapita chifukwa cha pulagi, zingwe zazifupi ndi kutsetsereka kuja. Shopu ndikuipatsa 5, katundu anali weniweni koma ogulitsa ake sadziwa chomwe akugulitsa, ukafunsa mawati amakuyankha mtengo. Bulangeteli silikuthandizani pabalaza, pamenepo valani juzi ndi kufunda chitenje ngati wina aliyense, ndipo silikuthandizani pa nthawi yovuta kwambiri ija ya 5 koloko m'mawa potuluka m'bedi kupita kubafa, mwinanso limaonjezera ulesi.

Kukayamba kufunda kumapeto a August lichotseni pa bedi, musaligonere chaka chonse mawaya amatopa. Polisunga musalipinde ngati shiti, likulungeni momasuka ngati mphasa, zingwe zake osazimanga mothina, ndipo pamwamba pake osasanjikapo masutikesi. Liikeni m'chikwama chotseka chifukwa makoswe a m'nyumba zopanda siling'i amatsika ndi khoma ndipo chingwe amachikonda. Chaka chamawa musanayale, liyang'aneni ngati pali pothimbirira ngati popsa kapena waya wotulukira, liyatseni kaye poyera mphindi zingapo mukuyendetsa dzanja paliponse, pakapezeka pamalo potentha kuposa pena, limenelo latha ntchito, musapite nalo kwa okonza mawailesi.